Zimbale zisanu za dansi za ku Britain, muyambire pa chiti?

Mwana wa achemwali anga anandilembera pa WhatsApp sabata yatha kuti ankolo, amapiano ndawamvera mpaka makutu akufuna zina, ndikufuna ndiyeseko za ku UK zomwe mumaika m'galimoto zija, ndiyambire pa chimbale chiti. Ndinayamba kumuyankha ndi voice note koma inafika ma minitsi asanu ndisanalowe n'komwe pa mutu wa nkhani, ndiye ndinaona kuti bola ndingolemba bwinobwino kuti ena ofunsa funso lomweli apindule nawo.

Ndasankha zimbale zisanu zomwe ndazimvera kambirimbiri, zitatu za 1997, china cha 2007, china cha 2013. Zonsezi zinalowa pa mndandanda wa Mercury Prize, mphoto yomwe inayamba mu 1992 ndipo imapita kwa chimbale chomwe oweruza aona kuti chaposa zonse ku UK ndi Ireland chaka chimenecho. Pa zisanuzi chinawina chimodzi chokha, ndipo chomwe chinawinacho ndi chomwe anthu amakangana nacho mpaka lero.

Kuti mumvetse 1997 muyenera kudziwa kuti zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 1994, boma la Britain linali litakhazikitsa lamulo la Criminal Justice and Public Order Act lomwe linapatsa apolisi mphamvu zobalalitsa ma rave, madansi a usiku onse omwe achinyamata ankachitira m'minda ndi m'ma warehouse osagwiritsidwa ntchito, ndipo m'lamulomo anachita kulembamo za nyimbo za ma biti obwerezabwereza. Ndiye taganizani, nyimbo zomwe dzana apolisi amazithamangitsa, lero zili pa nambala 1 ndipo atolankhani a nyimbo akuzilembera masamba athunthu. N'chifukwa chake ndemanga za nthawi imeneyo zimamveka zotentha kwambiri, anthu amaona ngati gitala yatha ntchito basi.

The Fat of the Land, The Prodigy

Ichi ndi chomwe ambiri munachimvapo osadziwa dzina, chija chili ndi nkhanu pachikuto. Chinatuluka pa 30 June 1997 kudzera ku XL Recordings, ku America chinadzera ku Maverick, kampani ya Madonna, ndipo chinakhala nambala 1 mbali zonse ziwiri, ku UK ndi pa Billboard 200. Kwa gulu la dansi lochokera ku Braintree, ka tawuni ka ku Essex, imeneyo inali nkhani yaikulu zedi. Wopanga nyimbo zonse ndi Liam Howlett, koma nkhope yomwe dziko linagwira ndi ya Keith Flint, yemwe poyamba anali wovina chabe m'gululi asanagwire maiki pa Firestarter. Vidiyo yake ya black and white anaijambulira mu ngalande ya sitima zapansi pa nthaka ku Aldwych mu London, ndipo itaonetsedwa pa Top of the Pops, pulogalamu ya nyimbo ya pa TV ku Britain, makolo anadandaula kuti ikuopseza ana. Firestarter ndi Breathe zonse zinafika pa nambala 1 mu 1996, chimbale chisanatuluke n'komwe.

Olemba ndemanga ambiri anachiyamikira, makamaka a magazini a rock, poti chinali ndi ukali womwe iwo anauzolowera. Ena a ku ma kilabu ankati apa dansi yachepa, yachuluka ndi punk. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zimanena zoona. Phokoso lalikulu linabwera pa nyimbo yoyamba, Smack My Bitch Up, yomwe mawu ake anawadula kuchokera mu nyimbo ya Ultramagnetic MCs. Bungwe la amayi la National Organization for Women ku America linati ikulimbikitsa nkhanza kwa amayi, Walmart ndi Kmart anachotsa chimbalechi m'mashelefu. A gululi anafotokoza kuti tanthauzo lake ndi kuchita chinthu ndi mphamvu zonse, koma ine mpaka pano sindiika nyimbo imeneyi pamene pali ana kapena achemwali anga, mawuwo ndi oipa basi ngakhale biti yake ili yamphamvu bwanji.

Chimbalechi chimafuna ma sipika enieni. Pa foni chimangomveka ngati chiphokoso cha malata, koma mukachiika pa sound yokhala ndi bezi, Diesel Power yomwe muli Kool Keith imachita kugwedeza magalasi a mawindo. Vuto lake kwa ine ndi loti nyimbo 10 zonse zimakukankha, palibe pokhala pansi, ukafika pa Narayan ndi pomwe umapumako pang'ono. Keith Flint anamwalira pa 4 March 2019, ndipo kuyambira pamenepo ndikamvera Breathe ndimamva chisoni chomwe kale munalibe.

Dig Your Own Hole, The Chemical Brothers

Apa sindichedwapo. Tom Rowlands ndi Ed Simons anakumana ali pa yunivesite ku Manchester, poyamba ankadzitcha Dust Brothers mpaka eni dzinalo a ku America anawaletsa. Chimbalechi chinatuluka mu April 1997, nachonso chinafika nambala 1 ku UK, muli Setting Sun yomwe anayimba Noel Gallagher wa Oasis ndi Block Rockin' Beats yomwe inawina Grammy, koma mu gawo la rock yopanda mawu, zomwe zikukuonetsani kuti a ku America nthawi imeneyo analibe pozikhazika nyimbo zamtunduwu. Atolankhani anachikonda kwambiri ndipo sichinakhale ndi mkangano ngati cha Prodigy.

Mukaika ziwirizi pamodzi, ine ndimatenga ichi. Chimayamba ndi mphamvu yomweyo koma chili ndi ulendo, pakati chimalowa mu mdima wa kilabu nyimbo zikulumikizana ngati DJ akumiksa, kenako kukamacha Beth Orton akubwera ndi mawu otopa pa Where Do I Begin, n'kutsekera ndi The Private Psychedelic Reel ya ma minitsi opitirira 9. Ngati muli ndi ulendo wautali pa basi, ichi ndiye chanu.

New Forms, Roni Size ndi Reprazent

Tsopano apa ndiye pali nkhani. Pa mndandanda wa Mercury wa 1997 panali zimbale ziwiri ndatchulazi, panali Spice Girls, panali Suede, Primal Scream, komanso OK Computer ya Radiohead yomwe pafupifupi aliyense ankati yatenga kale. Oweruza anapereka mphoto kwa gulu la drum and bass la ku Bristol lomwe anthu ambiri kunja kwa ma kilabu anali asanalimvepo. Kuyambira usiku umenewo mpaka lero, nthawi iliyonse nyuzipepala ya ku Britain ikafuna kulemba za zomwe Mercury inalakwitsa, dzina la Roni Size limatulukira, ati analanda mphoto ya Radiohead.

Ine zimenezi zimandipweteka ndipo ndifotokoza chifukwa chake. OK Computer ndi chimbale chachikulu, palibe akutsutsa. Koma funso loti chatsopano n'chiyani ku Britain mu 1997, yankho lake linali jungle ndi drum and bass, nyimbo yobadwira komweko kuchokera kwa ana a anthu omwe anachokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean, omwe anakulira pa ma sound system a reggae n'kuphatikiza ndi hip hop ndi rave. Roni Size, dzina lake lenileni Ryan Williams, ndi mmodzi wa ana amenewo. Rock inali ndi malo kale pa wailesi ndi m'magazini. Iyi inakulira pa ma wailesi a pirate, oulutsa opanda chilolezo cha boma, ndi m'ma kilabu aang'onoang'ono. Mphoto ija inachititsa kuti chimbalechi chikwere pa tchati ndipo anthu omwe sakanachigula anachigula. Komanso musaiwale kuti Bristol yomweyo inali itawina kale mu 1995 ndi Dummy ya Portishead, ndiye si kuti oweruza anangotola mwangozi, mzinda umenewu unali ukuphika zinthu.

Drum and bass imathamanga, ma biti 160 mpaka 170 ndi kupitirira pa miniti, pomwe amapiano mwazolowera aja amayenda cha m'ma 110. Koma chinsinsi chake n'choti ng'oma ndi zomwe zikuthamanga, bezi imayenda theka la liwirolo ngati mu reggae, ndiye thupi limasankha lokha kuti litsate ziti. Mphwangayu ndinamuuza kuti usalimbane ndi ng'omazo, gwira bezi, zinazo zibwera zokha.

Chomwe New Forms inabweretsa ndi jazz ndi zida zenizeni. Ikani Brown Paper Bag. Imayamba ndi ka gitala kofewa kobwerezabwereza ndi timaphokoso tina apa ndi apo, umadikira, umadikiranso mpaka kuyamba kuganiza kuti mwina nyimbo yake ndi yomweyi, kenako double bass ya Si John ikugwa, chi bezi cha thabwa chija amachiimika pansi n'kumakoka zingwe ndi zala, ndipo umamva chala chikutsetsereka pa chingwe. Tsiku lina ndinaiika ndikutsuka galimoto pakhomo, a neba anga achikulire omwe ankaimba bezi mu bandi ya tchalitchi anaima pa mpanda n'kufunsa kuti akuimba bezi ameneyo ndi munthu kapena makina, nditati ndi munthu anati ndibwezerenso. Tinaibwereza katatu madzi akungotayika mu ndowa. Umenewo ndiye ubwino wa chimbalechi, chimakoka ngakhale khutu lomwe silinalowepo mu kilabu.

Reprazent linali gulu lathunthu, Krust, DJ Die, Suv, Dynamite MC pa maiki, Onallee woyimba pa Heroes ndi Watching Windows, ndipo pa nyimbo ya New Forms muli Bahamadia, rapper wamkazi wa ku Philadelphia yemwe amakwera pa ng'oma zothamangazo modekha ngati akucheza nawe pakhonde. Chinatuluka pa Talkin' Loud, kampani ya Gilles Peterson. Ndipo iwowa ankaimba live ndi woimba ng'oma weniweni, zomwe zinatseka pakamwa anthu omwe ankati nyimbo za kompyuta ndi zongodina mabatani.

Koma ndinene zoona, chili ndi vuto, ndi chachitali. Mtundu wathunthu ndi ma CD awiri, ndipo nyimbo zambiri zimapitirira ma minitsi 6 kapena 7 chifukwa zinapangidwa kuti DJ akhale ndi pomiksira. Olemba ndemanga omwe amati chimatopetsa pakati sakunama. Okonda jungle enieni ena nawonso ankati chafewa kwambiri, ndi drum and bass yomverera pa sofa. Ndiye chinamenyedwa mbali ziwiri, a rock akuti sichinayenere mphoto, a jungle akuti chasiya msewu. Malangizo anga, tengani CD yoyamba yokha kwa sabata imodzi, yachiwiri muipeza mukazolowera.

Untrue, Burial

Ichi ndi chosiyana ndi zonse ndipo ndikuchenjezeni, si chovinira. Mukachiika pa phwando anthu akuthamangitsani pa sound. Chinatuluka pa 5 November 2007 pa Hyperdub, ka kampani kakang'ono ka Kode9 ku London, ndipo nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti Burial ndi ndani, analibe zithunzi, sankaimba pa siteji, mpaka pano saimba live. Chitalowa pa mndandanda wa Mercury wa 2008 nyuzipepala ya The Sun inayamba kusakasaka, kumatchula mayina ngati Fatboy Slim ndi Aphex Twin, mpaka mwini wake anangoika chithunzi chake pa MySpace n'kunena kuti ndine William Bevan wa ku South London ndipo ndimangofuna kupanga nyimbo. Mphoto inapita kwa Elbow.

Pa ndemanga, pa zisanuzi ichi ndi chomwe mbiri yake yakhala ikukwerabe. Pa Metacritic, pomwe amaphatikiza ma malikisi a olemba ndemanga osiyanasiyana, chili ndi 90 pa 100, ndipo chimapezeka pa mindandanda yambiri ya zimbale zabwino za zaka za m'ma 2000. Pa malonda sichinafike kufupi ndi Prodigy. Wolemba wina, malemu Mark Fisher, analemba zambiri za Burial ndipo anacheza naye mu magazini ya The Wire, momwe Burial anafotokoza kuti ma rave akuluakulu aja iye sanapiteko, ankangomva nkhani ndi ma rekodi kwa mkulu wake. Ukadziwa zimenezo chimbale chonse chimatseguka, ndi nyimbo ya munthu yemwe akusowa phwando lomwe linatha iye asanafike.

Kapangidwe kake nakonso n'kodabwitsa. Anagwiritsa ntchito Sound Forge, pulogalamu yodulira ndi kukonza mawu, osati yopangira ma biti pa mizere yowongoka, n'chifukwa chake ng'oma zake zimatsimphina pang'ono, sizigwa ndendende pomwe ukuyembekezera. Amatenga timawu ta R&B, mwachitsanzo pa Archangel muli mawu a Ray J, n'kuwakweza kapena kuwatsitsa mpaka osadziwika ngati ndi mwamuna kapena mkazi, pansi pake kuli kuthetheka kwa rekodi yakale, mvula, ndi timaphokoso ta m'ma gemu a vidiyo.

Ine ndinachimva koyamba bwinobwino usiku wina wa mvula magetsi atazima, foni ili pa 20 peresenti, mahedifoni m'makutu. Mvula ya padenga ndi mvula ya mu nyimbo zinasakanikirana mpaka ndinavula hedifoni imodzi kuti ndisiyanitse. Itafika Shell of Light, chakumapeto kwake pomwe ng'oma zimasiya n'kutsala ka nyimbo kowala kaja, ndinapezeka ndikuganiza za mnzanga yemwe tinkayenda naye madansi tili anyamata ndipo anatisiya kalekale. Palibe chimbale china pa zisanuzi chomwe chinandifikitsapo pamenepo. Koma ndikudziwanso anthu omwe anachiyesa masana pa sipika ya foni n'kunena kuti palibe chikuchitika, ndipo sindiwatsutsa, malo ndi nthawi zinali zolakwika.

Settle, Disclosure

Ichi ndiye chosavuta kulowa. Guy ndi Howard Lawrence ndi pachibale, a ku Reigate ku Surrey, ndipo pomwe chimbalechi chimatuluka pakati pa 2013 wamkulu anali ndi zaka 22, wamng'ono 19. Chinalowa pa nambala 1 ku UK sabata yoyamba. Latch ndi yomwe inadziwitsa dziko za Sam Smith, White Noise ali ndi AlunaGeorge, mulinso Jessie Ware, Eliza Doolittle ndi London Grammar. Ndi house yosakaniza ndi UK garage, liwiro la m'ma 120 ndi kupitirirako pang'ono, ma kiyibodi ofunda, mawu oyimbika. Khutu lozolowera deep house ya ku Joni silivutika nacho ngakhale pang'ono.

Atolankhani anachilandira bwino kwambiri, webusaiti ya ndemanga za nyimbo ya Pitchfork inachiika m'gulu la Best New Music, chinalowa pa Mercury ya 2013 pomwe anawina James Blake, ndipo ku Grammy chinapikisana mu gawo la chimbale cha dansi pomwe anatenga Daft Punk ndi Random Access Memories. Odandaula analipo, ankati anyamatawa angotenga za akuluakulu a garage a m'ma 1990 ndi house ya ku Chicago ndi Detroit n'kuzichapa kuti ziyere bwino pa wailesi. Pali choonadi pamenepo, Settle sichinayambitse kalikonse. Koma kuchita chinthu chakale mwaluso chonchi si masewera, ndipo When a Fire Starts to Burn, yomwe anadula mawu a Eric Thomas wolankhula zolimbikitsa anthu uja, ndaionapo ikudzutsa anthu omwe anali atakhala pansi usiku onse. Chomwe ndimachidandaula ine n'choti ukachimvera kwa mwezi umakhala wachimaliza, sichibisa kanthu koti ukapeze chaka chamawa.

Ndiye muyambire pati

Zimatengera komwe muzikamvera komanso zomwe muli nazo. Ngati muli ndi sipika ya Bluetooth ndi anzanu pakhonde Loweruka masana, Settle, osaganizanso kawiri. Ngati mukufuna za ku jimu kapena zothamangira m'mawa, The Fat of the Land, mungodumpha nyimbo yoyambayo ngati mawu ake akukuwawani ngati mmene amandiwawira ine. Dig Your Own Hole ndi cha pa ulendo, mverani kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadumpha, mukachiika pa shuffle mwachiwononga. Untrue chisungeni, chidikireni usiku womwe muli nokha ndi mahedifoni abwino, ndipo ngati bandulo ikulola chitsitseni pa quality yapamwamba chifukwa timaphokoso tating'onoting'ono tija ndi tomwe timayamba kufa fayilo ikapanikizidwa.

Pa nkhani yotsatira ndemanga, onani mmene zinayendera. Prodigy anagulitsa kuposa onse, Roni Size anatenga mphoto n'kunyozedwa nayo, Burial analuza mphoto koma ndi yemwe olemba amamutchula kwambiri lero. Ndiye mukawerenga kuti chakuti chinapeza ma malikisi apamwamba, funsaninso kuti analemba ndani, wa rock kapena wa ku kilabu, ndipo analemba chaka chiti.

Mphwanga uja ndinamuuza kuti ayambe ndi Settle kwa masiku atatu kuti khutu lizolowere kamvekedwe ka ku UK, kenako alowe New Forms, poti ndi chomwe ndikufuna achimve yekha asanawerenge zoti chinalanda mphoto ya eni ake. Dzulo usiku wanditumizira meseji kuti Latch waikonda koma Brown Paper Bag waibwereza kasanu, ndipo akufunsa ngati double bass imapezeka yogula kuno kapena mpaka kuitanitsa kunja. Untrue sindinamutumizirebe, ndikudikira mvula iyambe.